Masipika atsopano m'zitseko zakutsogolo: fizikisi imene imamveka ndi makutu

Galimoto zambiri zimene zimayenda m'misewu ya ku Malawi zinagwirapo kale ntchito zaka zingapo ku Japan zisanafike kuno. Injini ikhoza kukhala ili bwinobwino, koma masipika a m'zitseko nthawi zambiri amafika atatopa. Mphira wozungulira pepala la sipika umauma n'kung'ambika, ndiye ukakweza voliyumu umangomva "prrr prrr" ngati m'chitseko mwalowa mavu. Mwini galimoto amagula masipika atsopano, n'kuwamangirira. Koma ena amadabwa kuti atsopano aja akumveka moipa kuposa akale: besi yasowa, wayilesi ikutentha, galasi likukana kutsika mpaka pansi. Sikuti ndi tsoka ayi. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo ndi zomwe mumaphunzira m'kalasi ya Fizikisi pa mitu ya mafunde, magetsi ndi maginito. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Muli chiyani m'kati mwa sipika?

M'chaka cha 1820, wasayansi wa ku Denmark, Hans Christian Ørsted, anaona kuti waya umene mukudutsa magetsi umasuntha singano ya kampasi imene ili pafupi. Apa anthu anadziwa kuti current imapanga mphamvu ya maginito mozungulira waya. Ndiye mukaika waya wotere pakati pa maginito ena, mphamvu ziwirizi zimakankhana, waya uja n'kusuntha. Mbali imene waya alowere mumaipeza ndi lamulo la dzanja lamanzere la Fleming: chala chamkombaphala chimaloza kumene mphamvu ya maginito ikupita, chala chapakati chimaloza kumene current ikupita, ndipo chala chachikulu chimaloza kumene waya akankhidwire.

Sipika ndi lamulo lomweli basi. Kumbuyo kwake kuli maginito olemera ozungulira ngati mphete. Pakati pa maginitowo pali kampata kakang'ono, ndipo m'kampatamo muli waya wopyapyala wa kopa wokulungidwa kambirimbiri, umene pa Chingerezi amati voice coil. Ife tizingoti koyilo. Koyiloyo anaimata ku pepala looneka ngati fanelo lomwe mumaliona kutsogolo. Wayilesi imatumiza current yosinthasintha mbali. Ikapita uku, koyilo imakankhidwira kutsogolo. Ikabwerera, koyilo imakokedwera kumbuyo. Pepala limatsatira, ndipo limakankha mpweya. Sipika ya mtundu umenewu anaifotokoza Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America m'chaka cha 1925, ndipo mpaka lero ya m'galimoto, ya m'basi ngakhale ya m'tchalitchi imagwira ntchito mwanjira yomweyo.

Chifukwa chake sipika imodzi siikwanitsa mawu onse

Mawu ndi mafunde a mpweya wopanikizika ndi womasuka motsatizana. Khutu la wachinyamata wathanzi limamva kuyambira pafupifupi 20 Hz kufika 20,000 Hz. Mu mpweya, mawu amathamanga pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Mukukumbukira v = fλ? Tiyeni tiigwiritse ntchito. Besi ya 50 Hz ili ndi funde lotalika 340 ÷ 50, omwe ndi mamita 6.8, kuposa kutalika kwa galimoto yonse. Koma kamawu kosongoka ka 10,000 Hz kali ndi funde la masentimita 3.4 okha.

Kuti besi imveke, pamafunika kukankha mpweya wambiri, ndiye pepala liyenera kukhala lalikulu ndipo liziyenda mtunda wooneka ndi maso. Mawu osongoka amafuna kanthu kopepuka kwambiri, koti kagwedezeke maulendo masauzande pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake pali woofer, yaikulu ija ya mawu apansi ndi apakati, ndi tweeter, kakang'ono ka mawu apamwamba.

M'sitolo mudzapeza mitundu iwiri. Ya coaxial ndi imene tweeter anaiika pakati penipeni pa woofer, zonse n'kukhala chinthu chimodzi. Ndi yosavuta kumanga. Ya component ndi imene woofer ndi tweeter zimabwera padera. Ubwino wake ndi uwu: besi imafalikira mbali zonse, koma mawu osongoka amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Sipika ya pachitseko imakhala m'munsi, moyang'ana miyendo yanu, ndiye mawu osongoka ambiri amathera m'thalauzi ndi m'mipando. Mukaika tweeter m'mwamba, pafupi ndi galasi loonera kumbuyo kapena pa dashibodi, mawu aja amafika m'makutu osatayika.

Tweeter imafuna chitetezo, chifukwa besi ikalowamo koyilo yake yopyapyala imapsa. Mlonda wake ndi capacitor, imene imalola mafunde othamanga kudutsa koma imatchinga oyenda pang'onopang'ono. Mukayang'anitsitsa sipika ya coaxial mudzaona kachinthu kakang'ono kooneka ngati kambiya, komatidwa pambali: ndi capacitor imeneyo. Masipika a component amabwera ndi kabokosi kotchedwa crossover, kogawa mawu pakati pa woofer ndi tweeter. Osakataya poganiza kuti n'kongowonjezera.

Chitseko ndi bokosi la sipika

Yesani izi kunyumba ngati muli ndi kasipika kakale. Kalumikizeni ku wayilesi, mukagwire m'manja. Kamveka kopyapyala, kopanda besi. Tsopano boolani katoni kabowo kofanana nako, mukaike pabowopo. Besi ibwera nthawi yomweyo. Chachitika n'chiyani?

Pepala likamapita kutsogolo, limapanikiza mpweya wa kutsogolo koma limamasula wa kumbuyo. Ndiye kuti funde lochokera kumbuyo ndi lotembenuka poliyerekeza ndi la kutsogolo. Ngati palibe chotchinga, mpweya wopanikizika uja umangozungulira m'mbali mwa sipika kukadzaza kumbuyo, mafunde awiri aja n'kufafanizana. M'kalasi timati destructive interference. Imene imavutika kwambiri ndi besi, chifukwa funde lake ndi lalitali, ndipo mtunda wozungulira sipika ndi waufupi kwambiri pouyerekeza nalo.

M'galimoto, chitsulo cha m'kati mwa chitseko ndiye chotchinga, ndipo mphako ya chitseko ndiye bokosi. Choncho sipika iyenera kukhala yomatirira pachitsulo popanda mpata. Mukasiya kampata m'mbali, kapena mukamanga ndi ma screw awiri m'malo mwa anayi, besi ithawira pomwepo. N'chifukwa chake amisiri amaika kasiponji kozungulira pakati pa sipika ndi chitsulo. Kasiponjiko kamatseka mpweya komanso kamaletsa zitsulo kuliralira.

Ma ohm: musaumirize wayilesi

Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa nambala monga 4 Ω. Imeneyi ndi impedance, ndiko kuti mmene sipika imalimbanirana ndi current yosinthasintha. Masipika ambiri a m'galimoto ndi a 4 ohm, ndipo mawayilesi ambiri a m'galimoto anapangidwira nambala yomweyo. Mukayeza sipika yotere ndi multimeter mupeza nambala yocheperako pang'ono, monga 3.2 kapena 3.5. Musadandaule, sipika ili bwino. Multimeter imayeza resistance ya waya yokha pogwiritsa ntchito current yosasintha mbali.

Tsopano lamulo la Ohm, I = V ÷ R. Tinene kuti wayilesi ikupereka ma volt 9 ku sipika ya 4 ohm. Current ikhala 9 ÷ 4, omwe ndi ma ampere 2.25. Ndiye wina akuti, "Tiwonjezere sipika ina pa mawaya omwewa kuti zizimveka kwambiri." Masipika awiri a 4 ohm olumikizidwa mwa parallel amapanga 2 ohm. Current ija ikwera kufika ma ampere 4.5, kawiri kuposa poyamba. Tizipangizo ta m'kati mwa wayilesi titentha, ndipo wayilesi izingozima yokha kapena ipsa. Mukawalumikiza mwa series amapanga 8 ohm. Wayilesi siivutika, koma mphamvu yotuluka imatsika ndi theka. Nzeru ndi yakuti sipika yatsopano ikhale ya ma ohm ofanana ndi yakale. Galimoto zina zimene zinabwera ndi ampulifaya yake kuchokera ku fakitale zimagwiritsa ntchito masipika a 2 ohm, choncho werengani kaye kumbuyo kwa sipika yakale musanapite kukagula.

Ma watt a pakatoni ndi ma watt enieni

Pakatoni pamalembedwa manambala akuluakulu okopa maso, monga 300 W. Fufuzani kanambala kena kakang'ono kolembedwa kuti RMS. Nambala yaikulu ija ndi mphamvu imene sipika ingapirire kwa kamphindi kochepa chabe, pamene ya RMS ndi imene ingapirire mosalekeza. Komanso dziwani kuti sipika siipanga ma watt, imangolandira. Wopereka ndi wayilesi.

Nanga wayilesi imapereka angati? Tiwerenge. Batire la galimoto limakhala pa ma volt pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 injini ikulira. P = V² ÷ R, ndiye 14 × 14 ÷ 4 ndi 49. Mwaona kumene "50 W × 4" wolembedwa pa mawayilesi ambiri amachokera? Koma imeneyo ndi nsonga chabe. Funde la mawu limakwera n'kutsika, silikhala pansonga nthawi zonse. Tizipangizo ta m'kati timadyako volt imodzi kapena kuposerapo, ndiye nsonga yeniyeni ili cha m'ma 13. Kuti mupeze RMS mumagawa ndi 1.414, zomwe zikupereka ma volt pafupifupi 9. Tsopano 9 × 9 ÷ 4 ndi ma watt pafupifupi 20. Amenewa ndiye enieni pa sipika iliyonse.

Ngati mulibe ampulifaya yapadera, nambala yofunika kwambiri kuposa ma watt ndi sensitivity, yolembedwa mu dB. Imanena kukula kwa phokoso limene sipika imatulutsa ikalandira watt imodzi, mutayezera pa mtunda wa mita imodzi. Kuwonjezera 3 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri. Ndiye kuti sipika ya 87 dB ikufuna ma watt 40 kuti imveke ngati ya 90 dB imene yalandira ma watt 20. Pa wayilesi wamba, ya 90 dB ndi imene ingakukomereni, ngakhale katoni yake ikhale ndi manambala aang'ono.

Chinanso: mukakweza voliyumu kupitirira pamene wayilesi ingakwanitse, nsonga za funde zimadulidwa chifukwa voltage siingapitirire ya batire. Mawu amayamba kusasa, ndipo koyilo, makamaka ya tweeter, imatentha. Mukamva kusasa, tsitsani. Wayilesi yaing'ono youmirizidwa imatha kupsereza sipika yolembedwa ma watt ambiri.

Pulasi ndi mainasi

Sipika imalira ngakhale mutatembenuza mawaya, ndiye anthu ambiri amaganiza kuti zilibe kanthu. Zili ndi kanthu. Ngati ya kumanja yalumikizidwa bwino koma ya kumanzere yatembenuzidwa, ina ikamakankha mpweya inzake imakhala ikukoka. Ndi kufafanizana kuja tanena kale: besi imachepa, ndipo mawu a woimba samveka ngati akuchokera pakati.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani batire laling'ono la 1.5 V, la mu rimoti lija, mugunditse mawaya ake ku timapazi tiwiri ta sipika kwa kamphindi. Pepala likatulukira kutsogolo, phazi limene lakhudza pulasi wa batire ndiye pulasi wa sipika. Izi muzichita pa woofer yokha, osati pa tweeter. Ngati masipika mwamanga kale, seweretsani nyimbo ya besi yambiri, kenako sunthani balance kupita mbali imodzi yokha. Besi ikakula pamene sipika imodzi yokha ikulira, n'kuchepa mukabwezera pakati, dziwani kuti imodzi yatembenuzidwa.

Pa mawayilesi ogula padera, mawaya oyera amapita kutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, ndipo wa mzere wakuda ndiye mainasi. Koma mawaya a m'chitseko ochokera ku fakitale amasiyana mitundu malinga ndi galimoto, choncho onani chizindikiro pa sipika yakale musanadule chilichonse. Ndipo chenjerani: mainasi wa sipika si mainasi wa batire. M'mawayilesi amakono mawaya onse awiri a sipika amanyamula voltage. Mukagunditsa mmodzi ku chitsulo cha galimoto mwapanga shoti, ndipo wayilesi ikhoza kupsa.

Ntchito yeniyeni, mwandondomeko

Iyi ndi ntchito yochita limodzi ndi mwini galimoto kapena mmisiri wa zamagetsi a galimoto, osati mobisa bambo atachokapo.

Choyamba ndi kuyeza. M'zitseko zakutsogolo masipika ofala ndi a masentimita 16 kapena 16.5, amene amatchedwanso 6.5 inchi, ndi a masentimita 13 m'galimoto zina zing'onozing'ono. Kukula kwa bowo si nkhani yokhayo. Kuya nakonso n'kofunika. Galasi likatsika limalowa m'mphako ya chitseko, kuseri kwenikweni kwa sipika. Masipika ogula padera amakonda kukhala ndi maginito aakulu kuposa a ku fakitale, ndiye akhoza kugundana ndi galasi. Tsitsani galasi mpaka pansi batire musanalichotse, kuti mukachotsa sipika yakale muyeze ndi lula kuchoka pabowo kufika pagalasi, n'kusiya mpata wa mamilimita angapo.

Kenako zimitsani galimoto, muchotse waya wa mainasi pabatire. Bwanji mainasi osati pulasi? Chitsulo chonse cha galimoto n'cholumikizidwa ku mainasi. Mukayamba ndi pulasi, sipanala ikangokhudza chitsulo pambali current yoopsa imadutsa m'sipanalamo, ndipo imatha kukutenthani dzanja. Mukayamba ndi mainasi, ngoziyo palibe. Dikirani mphindi zingapo musanayambe, chifukwa dongosolo la airbag limasunga magetsi kwa kanthawi. Galimoto zina zili ndi tizipangizo ta airbag m'zitseko momwemo. Mapulagi ndi mawaya ake nthawi zambiri amakhala achikasu: asiyeni momwe alili. Dziwaninso kuti mawayilesi ena amafunsa nambala yachinsinsi batire likabwezeredwa, choncho mwini galimoto akhale nayo pafupi.

Panelo ya chitseko imagwidwa ndi ma screw ochepa obisika, kawirikawiri kuseri kwa chotsegulira ndi m'kati mwa pogwirira, kuphatikizapo timapini ta pulasitiki m'mbali monse. Masulani ma screw, kenako tsegulani timapini pang'onopang'ono kuyambira m'munsi ndi chida cha pulasitiki, kapena screwdriver yokulunga kansalu kuti isakande penti. Nyamulani panelo chokweza m'mwamba, koma osaikoka mwamphamvu: kuseri kuli pulagi ya maswichi a galasi ndi kachingwe ka chotsegulira.

Mudzapeza pepala la pulasitiki lomatidwa pachitsulo. Anthu ena amaling'amba n'kulitaya. Kulakwa kumeneko. M'kati mwa chitseko mumalowa madzi a mvula odutsira m'mbali mwa galasi, n'kutulukira pa timabowo ta pansi pa chitseko. Pulasitiki ija imateteza panelo ndi maswichi kuti zisanyowe. Chifukwa cha madzi omwewa, ngati mabowo a sipika yatsopano sakugwirizana ndi akale ndipo pakufunika mphete yolumikizira, ya pulasitiki ndi yabwino kuposa ya thabwa la MDF, limene limafufuma likanyowa. Mphete yomweyi imakankhira sipika kutsogolo pang'ono, kuitalikitsa ndi galasi. Mawaya aloze pansi kapena m'mbali, kuti madzi asamatsetserekere pa timapazi.

Polumikiza mawaya, kungopota ndi zala n'kukulunga tepi sikokwanira. Chitseko chimamenyetsedwa tsiku lililonse, msewu uli ndi mabampu, ndipo galimoto ikakhala padzuwa guluu wa tepi amasungunuka. Polumikiza polobodoka pamakhala resistance yaikulu, mawu amadukaduka, ndipo waya akavuka n'kukhudza chitsulo ndi shoti ija. Gwiritsani ntchito pulagi yolumikizira yopangidwira galimotoyo, timapini tofinya ndi pulayala, kapena kuwotcherera ndi soda n'kuphimba bwino. Mangani mawaya kutali ndi njira ya galasi.

Pomanga ma screw, yambani ndi onse momasuka, kenako limbitsani mopingasa, wa kumwamba kumanja kenako wa kumunsi kumanzere, ngati mmene amachitira pomanga tayala. Mukalimbitsa mbali imodzi kwambiri, chimango cha sipika chimapindika ndipo koyilo imayamba kukhuza maginito, chifukwa kampata kaja n'kochepa kwambiri. Gwirani screwdriver ndi manja awiri: maginito amaikoka, ndipo ikaterereka imaboola pepala latsopano.

Musanabwezere panelo, lumikizani batire ndi pulagi ya maswichi, muyese zonse. Sipika ya kumanzere ikulira payokha? Ya kumanja? Besi ikukula balance ikakhala pakati? Galasi likukwera n'kutsika popanda kugunda? Loko akugwira? Zonse zikakhala bwino, matani pulasitiki ija pamalo pake, mubwezere panelo.

Makutu alibe sipeya

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kooneka ngati nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo ta tsitsi tosandutsa kugwedezeka kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo mwa munthu tikafa sitimeranso. Muyezo umene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito ndi wakuti pa 85 dB munthu asapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo pa 3 dB iliyonse yowonjezera nthawiyo imadulidwa pakati: 88 dB maola 4, 91 dB maola 2, mpaka 100 dB mphindi 15 zokha. Kumbukirani kuti sipika ija ikutulutsa 90 dB ndi watt imodzi yokha, ndipo m'galimoto mwakhala nayo pafupi, magalasi otseka. Ngati mukufunika kukuwa kuti mnzanu wa pampando wapambali akumveni, kapena makutu akulira mukatsika, voliyumu yapitirira. Woyendetsa amafunikanso kumva hutala, sayirini ya ambulansi ndi belu la njinga.

Dziyeseni

1. Pezani kutalika kwa funde la mawu a 85 Hz ndi la 8,500 Hz, potenga liwiro la mawu kukhala mamita 340 pa sekondi. Ndi liti mwa awiriwa limene lingafooke kwambiri ngati m'mbali mwa sipika muli mpata, ndipo chifukwa chiyani?

2. Wayilesi ikupereka ma volt 8 RMS. Pezani current ndi ma watt ngati mwalumikiza sipika imodzi ya 4 ohm, kenako awiri mwa parallel, kenako awiri mwa series.

3. Sipika A ndi ya 92 dB ndipo sipika B ndi ya 86 dB. B ikufuna ma watt angati kuti imveke ngati A imene yalandira ma watt 10?

4. Jambulani koyilo ili pakati pa maginito, ndipo pogwiritsa ntchito dzanja lamanzere sonyezani chimene chimachitika current ikasintha mbali.

Lembani mayankho m'kope, mufananitse ndi a anzanu, ndipo pamene mwasiyana mukafunse aphunzitsi a Fizikisi.